Gogodanso, Koma Werenga Nthawi

Kuno ku Tartu dzuwa limalowa folo koloko isanakwane.
Mtsinje wa Emajõgi wauma gwa,
ndipo ine Vahur ndili m'chipinda chapamwamba
ndi khofi wozizira ndi mlandu wa masiku atatu:
seva yathu ikumataya makalata panjira.
Osati onse. Imodzi pa zikwi zinayi.
Lisiti la wogula mankhwala ku Võru,
theka lafika, theka lasowera m'malere.

Pulogalamu yanga ili ndi mawu m'kamwa
koma soketi yadzaza, khomo lathina.
Ndiye imapempha makina: malo akapezeka mundidzutse,
ndidikira masekondi makumi atatu, osapitirira.
Imakhala duu, khutu pachitseko.

Masana Ilme anandilembera ali ku Tallinn:
"Yang'ana ana."
Ndinaseka. Ana ati?
Komatu pulogalamu imabereka,
tiantchito ting'onoting'ono totumidwa uku ndi uko,
ndipo kamodzi kakamaliza zake
kamakoka kholo malaya: ndatha!
Kholo lija, lodikira pakhomo, limadzidzimuka,
n'kubwerako manja lende,
litangonyamula -1
ndi zilembo zisanu, EINTR.

Mzere umenewo ndinalemba ndine, dzana lija ndili wothamanga magazi:
ukaona -1, tseka, taya, lengeza maliro.
Osafunsa n'komwe kuti chavuta n'chiyani.
Chikhalirecho chingwe chili bwinobwino,
wa kutsidya akadali tcheru.
Palibe chafa.
Munthu wangoitanidwa dzina ali pamzere.

"Ababa."
Tuule waima pakhomo, phazi limodzi lopanda sokosi.
"M'bafa muli chimbalangondo."
Tinapita, tinayatsa getsi, tinasuzumira kuseri kwa makina ochapira.
Tinapeza thaulo lonyowa.
Anamwa madzi, anafunsa ngati nsomba zimazizidwa pansi pa ayezi,
anagona ndisanapeze yankho.
Nditabwerera pampando
chiganizo changa chinali pomwe ndinachisiya,
kamzere kakuphethiraphethira, kosakwiya.

Ndinalemba: ngati ndi EINTR, usatseke.
Bwerera pakhomo, gogodanso.
Chala chinatsala pang'ono kutumiza,
mtima n'kuti phaa:
wobwererayu akamayambiranso kuwerenga pa wani,
ana n'kumabwera mondondozana,
adzadikiratu mpaka chipale chitasungunuka mu Epulo,
akumati ndangofika kumene.

Ayi. Yang'ana wotchi usanatsamire chitseko,
wotchi ija yosabwezedwa m'mbuyo ndi munthu.
Akakudukiza, yang'ananso, uchotsere.
Apita khumi ndi awiri? Atsala khumi ndi asanu ndi atatu,
usadzinamize.
Akatha onse, pamenepo nena kuti nthawi yatha.
Umenewo ndi mlandu wina, uli ndi dzina lake.
Ndipo khomo likatseguka pang'ono
lowetsa zomwe zingakwane,
chala chikhale pomwe walekezera.

Mizere isanu ndi iwiri basi.
Masiku atatu, mizere isanu ndi iwiri.
Ndinamasula ana mazanamazana kuti asokoneze dala,
akoke malaya, akuwe, agwe pansi.
Malisiti zikwi makumi anayi anadutsa.
Ndinawerenga kawiri. Onse athunthu, mpaka kadontho komaliza.
Ndinalembera Ilme: "Anali ana."
Anayankha ndi chithunzi cha mphaka wake akuyasamula.

Panja galimoto yokankha chipale ikukwekwereza chitsulo mumsewu.
Ndatenga foni kuti nditchere belu la m'mawa
ndipo ndaupeza, uthenga wosatumizidwa,
wopita kwa mkulu wanga Raivo ku Pärnu:
"Za nyumba ya amayi ija, ine sindinatanthauze kuti"
Pamenepo wina anagogoda, kapena mkaka unasefukira,
sindikukumbukanso.
Unali mwezi wa Novembala.
Ine n'kuyesa kuti chingwe chinaduka.

Ndawerenga pakalendala: masabata asanu ndi anayi.
Amenewo ndachotsera.
Otsalawo sindikuwadziwa,
palibe anandiuza kuti tinapatsidwa angati.

Kamzere kakuphethira patsogolo pa "kuti".
Tuule watsokomola kamodzi, watembenuka.
Ndamvetsera.
Ndikupitiriza.